Chisomo wachuluka kale mu Lusaka, timutchebe dzinali kapena tifune lina?

Nabanda wa ku Chilenje
Odi amayi ndi abambo. Sabata yatha Mulungu watipatsa mwana wamkazi, tonse tili bwino, ndipo mchombo wagwa dzulo. Yatsala ndi nkhani ya dzina, ndiyo ikundisowetsa tulo kuposa kulira kwa mwana. Ine ndi bambo akunyumba tinapangana kalekale kuti tidzamutcha Chisomo, chifukwa takhala zaka pabanja opanda mwana ndipo ndinapitako padera. Koma mng'ono wanga amene akundithandiza kuno akuti dzinali latha ntchito, ukaitana Chisomo pampopi amatembenuka ana a mdadada wonse, anyamata ndi atsikana omwe. Pamwamba pa izo bambo ake ndi a Phiri. Ndiye taganizani, Chisomo Phiri, mu Lusaka muno. Kodi sitikhala titamulakwira mwana? Apongozi akwera basi ku Katete Lachisanu, ndikufuna adzatipeze titamanga chimodzi.

Amake Tamanda
Tithokoze Mulungu kuti mwachira bwino asisi. Dzina ndi labwino limenelo. Mng'ono wanuyo adzatche wake akadzabereka.

Mummy wa Jayden
Zabwino zonse amayi, koma mng'ono wanu sakunama. Ine maina a mtundu umenewo ndinawakana dala. Kutchalitchi kwathu ku Sande sukulu ndi Chisomo, Madalitso, Taonga, Blessing, kenako ayambirenso Chisomo. Mwana azikhala ndi dzina lakelake, osati akaitanidwa azicheuka kaye kuona ngati akunena iye.

Aphunzitsi a ku Matero
Ndiyankheko monga munthu amene amaitana kaundula m'mawa uliwonse. Ndaphunzitsa Giredi 1 ndi Giredi 2 zaka zoposa 20, ndipo maina ndawaona akubwera nkupita. Pamene ndinkayamba ntchito, kalasi inali ya a Memory, a Precious, a Gift ndi a Given. Kenako kunabwera a Natasha ndi a Mapalo, mpaka ana a anthu akummawa amene Chibemba sachidziwa nkomwe ankatchedwa Mapalo. Chisomo, Taonga ndi Madalitso alipo ndithu, sindikana. Koma amayi a Jayden mundikhululukire, amene akudzaza kaundula wanga zaka zino ndi a Jayden, Kayden, Ethan ndi Zoe. Kholo lililonse limabwera tsiku loyamba la sukulu lili ndi chikhulupiriro chonse kuti dzina la mwana wake palibenso wina ali nalo, likamva ndikuitana a Jayden angapo limangoti kukamwa yasa. Chimene chimachitika n'chakuti nonse mumathawa dzina limodzi chaka chimodzi, mafilimu mumaonera omwewo, pafoni mumafufuza malo omwewo, ndiye mumakakumana kumene mwathawirako.

Za kusokonezeka m'kalasi zimachitika, koma sabata yoyamba chabe. Ana amaithetsa okha nkhaniyo ine ndisanayambe n'kuganiza komwe. Uyu ndi Chisomo wamtali, uyo Chisomo wa ku Lilanda, winayo Chiso basi. Chimene chimandivuta ine ndi makope. Kholo lalemba "Chisomo P." pachikuto, pamene a Chisomo P. alipo awiri, wina amalemba bwino wina amajambula magalimoto. Mukadzamugulira makope muzidzalemba maina onse.

Mummy wa Jayden
Aphunzitsi mwandilasa. Koma pamene ndinkamutcha kunalibe Jayden wina m'dera lathu lonse, ndikulumbira.

Aphunzitsi a ku Matero
Analipo amayi, kungoti onse anali kumsana. Mwakumana nawo tsopano atavala yunifomu.

Amake Chisomo wa makala
Ine ndiye ndili m'kati mwenimweni mwa nkhaniyi. Wanga ndi mnyamata, ali Giredi 5, ndipo iye dzina lake silinamuvutepo ndi tsiku limodzi lomwe. Amene ndinavutika ndine. Mukudziwa kuti mkazi ukangobereka dzina lako limafera pomwepo, umakhala amake uje. Pamdadada pamene tinkachita lendi ku Mtendere amake Chisomo tinalipo atatu. Anthu anachita kutisiyanitsa ndi malonda athu: amake Chisomo wa saluni, amake Chisomo wa tomato, ine wa makala. Makala ndinaleka kalekale, pano ndimasoka, koma dzinalo linandikakamira, mpaka pamaliro polengeza zopereka amanditchula choncho.

Mwezi wina ndalama za chilimba zimene zinali zanga zinatumizidwa pafoni ya wa saluni, chifukwa wosunga ndalama anatisunga tonse m'foni mwake ndi dzina limodzi. Mwayi wake mayiyo ndi woopa Mulungu, anabweza madzulo omwewo, koma yotapira inadulidwa kwa ine. Ndiye asisi, mwana mutcheni Chisomo, iye sadzaona vuto. Inuyo konzekerani dzina lachiwiri, ndipo musankhe bwino malonda oti muyambe.

Ambuya a ku Kaunda Square
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga, ndipo palibe amene wafunsa funso loyamba. Mwana wanga Nabanda, wakuuzani ndani kuti wotcha dzina ndinu? Uyu ndi mwana wachisamba. M'banja mwathu ndi m'mabanja ambiri akwathu, wachisamba amatchedwa ndi akuchimuna, wachiwiri ndi akuchikazi, makolo ake eni amadikira obwera pambuyo. Mukuganiza kuti apongozi anu akwera basi ulendo wonse uja, kutsika mapiri, kuwoloka Luangwa, kudzangoona nkhope? Dzina ali nalo kale, analikonza tsiku limene anamva kuti muli ndi pakati.

Ife tinkachita motere. Mwana amakhala m'chikuta ndi amake mpaka mchombo ugwe, sayenda nawo pabwalo, sagwidwa ndi aliyense. Ukagwa amametedwa, amatulutsidwa, ndipo wotcha dzina amaika kanthu m'manja mwa mwana. Kale inali nkhuku kapena mkanda, lero ndi ndalama. Kuyambira tsiku limenelo wotchayo ali ndi mwana, akapita kumsika amakumbuka kadiresi, akamva kuti wadwala amabwera. Dzina lotola pafoni lilibe munthu woimirira kumbuyo kwake.

Zoti dzina lachuluka, ife sitinkaziwerengera. M'mudzi umodzi a Misozi ankakhalamo osawerengeka, a Tikambenji ndi a Tisiyenji chimodzimodzi. Dzina linali poyankhulira. Mayi amene anzake ankamunena kuti ndi chumba, akabereka ankatcha Sekelani, ndipo mudzi wonse unkamva kuti akuyankhidwa ndani. Inu mwadikira, mwalira, tsopano mukufuna kunena kuti Chisomo. Mukuchita zomwe ankachita amayi athu, kungoti iwo ankayankha anansi, inu mukuyankha Mulungu. Dzinalo ine sindikulikana ayi. Ndikukana zoti apongozi adzapeze mutamanga kale.

Atate a mapasa ku Chalala
Ambuya, ndi ulemu wonse, apa pokha tisiyana. Amene akudzuka usiku, amene adzalipire sukulu, amene adzaitane dzinalo m'mawa, masana ndi madzulo mpaka mwana akwatiwe, ndi makolo. Ine amayi anga anafuna kutcha ana anga maina a malemu awiri amene sindinawaonepo ngakhale pachithunzi. Ndinagwada bwinobwino nkuwauza kuti ayi. Anakwiya miyezi ingapo osayankha foni, pano akabwera amawabereka kumsana osafuna kuwatsitsa.

Ambuya a ku Kaunda Square
Nanga mapasawo sankalira usiku?

Atate a mapasa ku Chalala
Ankalira ambuya, koma kukiliniki anati ndi mpweya m'mimba. Za mzimu wofuna dzina sanatchule.

Ambuya a ku Kaunda Square
Mawu a akulu akoma akagonera. Ndasiya.

Wa ku Dedza
Ine ndine wa ku Malawi, kuno ndinabwera ndi ntchito. Kwathu mwana ndi wa mbumba ya amake, atsibweni ndiwo eni, koma ngakhale zili choncho akuchimuna sawamana mwayi wotcha. Masiku ano mabanja ambiri amangopereka maina awiri, lina lochokera uku, lina uko, aliyense aziitana lake. Za kuchuluka musadandaule, mukanaona ku Lilongwe. Chisomo, Chikondi, Chimwemwe, Mphatso, paliponse, ndipo anthu akukwatira, akulembedwa ntchito, akumangidwa ndi apolisi aliyense pa mlandu wake.

Bambo Mabvuto a ku Garden
Mundilole ndilowerere ine mwamuna. Dzina langa mukuliona pamwambapo. Ndinabadwa amayi ataika ana m'manda motsatizana, ndipo agogo anati uyu tisamutche dzina lokoma, imfa ingamuonenso. Ndakula nalo. Kusukulu kanthu kakasowa m'kalasi, aphunzitsi ankayamba kuyang'ana ine akuseka, ati mavuto ali pomwepa. Ankhoswe anga atapita kukafunsira, wina wa kuchikazi anafunsa ngati akuwabweretsera mavuto m'banja, anthu nkuseka, ine nditamva zinandiwawa. M'busa wina pa chitsitsimutso anandiimika pakati pa anthu nkundiuza kuti ndisinthe dzina, ati ndilo likutseka mwayi wanga. Sindinasinthe. Amayi anga akali moyo, ndipo momwe amalitchulira dzinali simungamve kuti muli mavuto m'katimo. Ndikalitaya ndiye kuti ndataya ndi abale anga aja amene sindinawaone.

Koma ana anga ndinawatcha maina omwewo amene mukuti achulukawo, Madalitso ndi Chimwemwe, ndipo sindinafunse kuti alipo angati m'kalasi. Tisaiwalenso kuti m'nthawi yathu a Mabvuto, a Masauso ndi a Misozi tinalipo ambiri, mwina kuposa a Chisomo a lero. Kuchuluka kwathu kunkasonyeza kuchuluka kwa maliro a ana m'midzi. Ngati lero akuchuluka ndi a Chisomo, ine sindikuona chodandaulitsa pamenepo.

Nabanda wa ku Chilenje
Abambo mwandigwetsa misozi mwana ali kubere. Zikomo. Ambuya, nanunso ndamva. Bambo akunyumba akabwera kuntchito ndiwauza aimbe foni kumudzi afunse mochenjera.

Mtengwa wa ku Kasama
Achimbuya anga akummawa, inu amene ife Abemba timanyozana nanu mwanthabwala, ine ndinakwatiwa kwanu ndiye ndinena zoona. Vuto si Chisomo, vuto ndi Phiri. Mtundu wonse maina awiri chabe, Banda ndi Phiri. Tsiku limene anthu ankagawana maina inu munali kuthengo kukumba mbewa, munabwera mochedwa. Mutcheni Mapalo mwana apumeko mwandi.

Phiri wa ku Kalingalinga
Taonani odya anyani ayamba. Inu amene mumatcha mwana Mulenga Mulenga, Bwalya Bwalya, Chanda Chanda, dzina lomwelo kutsogolo lomwelo kumbuyo, ndinu mungatiphunzitse kusankha maina? Ife a Banda ndi a Phiri tilipo ambiri koma sitisokonezeka. Kamuzu Banda anatsogolera Malawi kuyambira 1964 mpaka 1994. Rupiah Banda analamulira kuno kuyambira 2008 mpaka 2011. Joyce Banda anakhala pampando ku Malawi 2012 mpaka 2014. Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana a mpira pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021. Munamvapo munthu atasokoneza Barbra ndi Joyce?

Mtengwa wa ku Kasama
Kalusha ndi Bwalya, ndipo a ku Italy sanamuiwale kuyambira pamene anawagoletsa zigoli pa Olympics mu 1988. Bwalya mmodzi anakwana.

Amake Tamanda
Achimbuya inu, za mbewa ndi anyani mukapitirize pamaliro, kuno mwana alibe dzina.

Kalaliki wopuma
Ndagwira ntchito ya mafayilo moyo wanga wonse mpaka kupuma, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa mantha a amayiwa ndikuwamva: akuopa kuti mwana adzasowa pakati pa anzake a dzina lomwelo. Boma silimudziwa munthu ndi dzina, limamudziwa ndi nambala. Mwana akakwanitsa zaka 16 amatenga reji, chiphaso cha unzika, ndipo nambala ya reji ndi yake yekha: manambala 6 oyamba, awiri apakati osonyeza kumene anatengera, ndi 1 kumapeto ngati ndi nzika ya Zambia. Pamayeso napo amakhala ndi nambala yake. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 19 miliyoni m'dziko muno, oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Palibe dzina limene mungasankhe loti likhale la mwana wanu yekha pakati pa anthu onsewa, pokhapokha mulipeke nokha, ndipo eni maina opeka ndi amene ndinkawaona akubwera pawindo ndi misozi.

Amene amavutika ndi uyo dzina lake linalembedwa mosiyanasiyana. Pakhadi la kusikelo Madalitso, pasatifiketi ya Giredi 12 Madaliso. Mabvuto apa, Mavuto apo. Masauso uku, Masautso uko. Kapena dzina lapakati lili papepala ili, palibe pa linalo, chifukwa amene anakalembetsa mwana Giredi 1 anali azakhali ndipo anatchula la kunyumba. Zikatero, munthu wamkulu ndi ndevu zake, ntchito waipeza kapena penshoni yayandikira, amayamba kuyenda ndi mapepala kukalumbira pamaso pa a zamalamulo kuti anthu awiriwa ndi munthu mmodzi. Ndalama zimapita, nthawi imapita, nthawi zina mwayi womwe umapita.

Ubwino wa Chisomo ndi woti kalaliki aliyense, kaya ndi Mlozi kaya Mtonga, amadziwa kulilemba. Msampha ulipo umodzi. Mabuku a Chinyanja a m'sukulu zathu kuno amalemba c pamene ku Malawi amalemba ch, ndiye mukhoza kupeza wina amene anakhoza bwino Chinyanja wakulemberani Cisomo. Sankhani kalembedwe kamodzi, ndipo pepala lililonse muziliwerenga musanachoke pawindo, ngakhale a pamzere akung'ung'udza. Mupatseninso dzina lapakati. A Chisomo Phiri ndi ambiri, koma pakalowa lachitatu pakati amatsala ochepa. Chikalata cha kubadwa musachizengereze. Anthu ambiri amakhutira ndi khadi la kusikelo, nkudzayamba kuthamanga mwana akufuna pasipoti.

Nesi wa ku Leeds
Moni nonse kumudzi. Kuno boma limatulutsa mndandanda wa maina a ana chaka chilichonse. Mu 2023 dzina loyamba la anyamata ku England ndi Wales linali Muhammad, la atsikana Olivia, ndipo Olivia ameneyu anali atakhala pamwamba kuyambira 2016. Azimayi akuno amadandaula zomwezi, kuti lachuluka, koma amatchabe. Kuwodi tikakhala ndi odwala awiri a maina ofanana timaika chizindikiro pafayilo, ndipo mankhwala sitipereka tisanafunse tsiku lobadwa ndi kuona kalamba ka padzanja. Ndiye zoti adzamwa mankhwala a mnzake musaziope kwambiri, ingomuphunzitsani tsiku lake lobadwa akadali wamng'ono.

China choti muganize: mwana wanuyu mwina adzayenda. Chisomo mzungu amalitchula osapunthwa. Wanga ndi Mphatso, ndipo kusukulu kwake aphunzitsi ndi anzake omwe amamuitana Mfatso. Anatopa kuwakonza, pano amangovomera.

Chisomo Wamkulu
Mwini dzina ndafika, pepani ndinali kuntchito. Ine ndine mayi wa ana awiri, ndipo dzinali ndayenda nalo kuyambira ku Chipata mpaka kuno. Ndikuuzeni zonse ziwiri.

Zokoma zake, adzina ndili nawo kulikonse. Kumsika wa Soweto mayi wina wogulitsa kapenta atamva mnzanga akundiitana anandiikira mbasela, ati mwana wake woyamba ndi Chisomo, mpaka lero ndimagula kwa iye. Pa Facebook munthu amene sindifuna kuti andipeze sangandipeze, adzatopa ndi zithunzi za anthu ena. Sindinafunsidwepo kuti dzina lanu mumalemba bwanji.

Zowawa zake ziliponso. Imelo yanga ili ndi manambala kumapeto chifukwa zonse zosavuta anatenga kale anzanga. Kampani ina ya ngongole inandivutitsa pafoni kufuna ndalama zimene anakongola Chisomo wina, mpaka ndinachita kupita ndi reji kukaonetsa kuti sindine. Ndipo anthu sadziwa ngati ndine mwamuna kapena mkazi mpaka atandiona. Kumsonkhano wina wa kuntchito anandilemba chipinda chimodzi ndi abambo ena, tinakumana pakhomo aliyense ndi chikwama chake. Koma sindinaganizepo kuti amayi anandilakwira. Anandikhazika pansi nditakula nkundiuza zimene zinachitika usiku umene ndinabadwa, ndipo nkhani imeneyo a Chisomo enawo alibe, ali ndi zawo.

Mummy wa Jayden
Nonse mwagwirizana zondiukira, chabwino. Koma mundimvetse, sindikuti amutche lachizungu. Maina athu omwe alipo ambiri amene sanathe ntchito: Yankho, Lonjezo, Pemphero, Tadala, Mayamiko, Ulemu. Kwa munthu amene wadikira zaka, Yankho silikunena zomwezo? Bwanji tonse tizikanikizana pa maina asanu?

Aphunzitsi a ku Matero
Apa mwanena zomveka amayi, maina amenewo ndi okoma. Kungoti Tadala ndi Yankho ayamba kale kulowa m'kaundula, mmodzimmodzi. Mukawatchula pagulu ngati pano, dikirani zaka 6 mudzandifunse.

Wa ku Dedza
Tadala ndi Yankho kwathu anadzaza kalekale. Mukuthawira kumene ife tikuchokera.

Nabanda wa ku Chilenje
Ndabweranso. Ambuya a ku Kaunda Square, munalosera. Bambo aimba foni, asanamalize n'kufunsa komwe apongozi ati dzina lilipo kale, ndi la amayi awo omwe anamwalira, amene analera bambo akunyumbawa ali mwana. Dzina lake Esinati. Mng'ono wanga uja amene amafuna dzina losowa wangogwira pakamwa, akuti bola Chisomo yemweyo. Bambo nawo angokhala chete, ndikuona kuti lawakhudza, chifukwa agogo awo aja amawatchula pafupipafupi. Apongozi akuti sakhalitsa, ayenera kubwerera msanga kukakonzekera Kulamba ku Mkaika, ndiye mwambo wa dzina ndi Loweruka lomweli. Za Chisomo sanakane, angoti "inunso muli ndi pakamwa, tchani lanu."

Aphunzitsi a ku Matero
Zaka zonsezi sindinaitanepo Esinati m'kaundula ngakhale mmodzi. Mng'ono wanu uja amafuna losowa, ndi limenelo walipeza.

Ambuya a ku Kaunda Square
Losowa lero. Pamene ife tinali atsikana, Esinati ndiye anali Chisomo wa nthawi imeneyo. Pachinamwali chathu analipo angapo, kutchalitchi cha Dutch ukati Esinati benchi yonse imatembenuka. Iye ndi Ailedi, Fatinesi, Lovinesi, anyamata a Fakisoni, a Lakisoni, a Jailosi. Amayi athu ankaona ngati atitcha maina apamwamba a anthu ophunzira, agogo athu nkumadandaula kuti maina a makolo akutha. Mwana wanga, apongozi anu ndi munthu wabwino, ena sakanakupatsani mpata umenewo. Muwaphere nkhuku, ndipo akaika ndalama m'manja mwa mwana musaitenge kukagulira matewera, mumugulire kanthu kooneka.

Atate a mapasa ku Chalala
Chabwino, maina awiri. Koma liyambe liti? Musapeputse pamenepo. Loyamba ndi limene adzaitanidwe kusukulu, kubanki, kuchipatala, paliponse. Lachiwiri limasanduka chilembo chimodzi ndi kadontho. Mtsikana wa zaka 14 kusekondale ya mu Lusaka akuitanidwa Esinati, mudzamuuza chiyani akadzabwera akulira?

Chisomo Wamkulu
Mwina adzalira, mwina ayi. Mwana wa mnzanga wa kuntchito anatchedwa dzina la agogo ake, ali wamng'ono ankalibisa, pano ali kukoleji ndi limene analemba pa bizinesi yake ya makeke chifukwa palibe wina ali nalo. Ana sungawadziwiretu.

Bambo Mabvuto a ku Garden
Ine ndinganene kuti Chisomo liyambe. La agogo likhale pakati, akadzakula adzalitulutsa yekha akadzafuna. Kumusenzetsa mwana dzina lolemera kutsogolo ndikudziwa momwe zimakhalira.

Ambuya a ku Kaunda Square
Papepala lembani momwe mufunira. Apongozi adzaitana Esinati, kumudzi konse adzaitana Esinati, ndipo inu Nabanda mukatsika basi pa Katete ndinu amake Esinati, kaya mufune kaya musafune.

Amake Chisomo wa makala
Ndiye mwapulumuka asisi. Auzeniko anansi kuyambira Loweruka kuti ndinu amake Esinati, asanakupezereni la malonda.

Kalaliki wopuma
Ine mantha anga abwerera, ndipo tsopano ndi aakulu kuposa poyamba. Dzina limeneli ndaliona litalembedwa Esnart, Esnat, Esnati, Esinati, ndi Esinala lomwe kusokonezedwa nalo. Chisomo analibe vuto limeneli. Auzeni apongozi asananyamuke afufuze reji ya malemuwo kapena khadi lawo la kutchalitchi, abwere nalo, mukopere pomwepo chilembo ndi chilembo. Mulembe pakapepala maina onse atatu m'ndondomeko imene mwagwirizana, bambo asunge m'chikwama, ndipo aliyense wokalembetsa mwana kulikonse azitenga kapepalako.

Nabanda wa ku Chilenje
Ndawaimbira. Akuti reji ya agogo ilipo m'sutikesi, abwera nayo. Za loyamba ndi lachiwiri sitinagwirizanebe, bambo akufuna Esinati patsogolo, ine Chisomo, tikambirananso usiku mwana akagona. Apongozi akufunsanso ngati kuno kuli ufa wa mgaiwa kapena anyamule wawo.

Mtengwa wa ku Kasama
Anyamule, ndi mbewa zomwe, ino ndi nyengo yake. Ine ndibwera Loweruka kudzaona ngati mwana wafanana ndi a Phiri onse aja.